Tsiku Limene Ndinapeza Sutikesi Yanga Panja kwa Mposa

Abale, khalani pansi, ndipo amene mwakonzeka kale kuomba m'manja, manjawo asungeni m'thumba. Umboni wangawu ulibe galimoto. Ulibe ntchito ya m'boma, ulibe ulendo wa ku Joni, ndipo kumapeto kwake sinditulutsa khanda kuseri kwa guwa kuti mulione. Chimene ndinapempha, Mulungu sanandipatse mpaka m'mawa uno pamene ndimatsuka mkamwa. Abusa akuti ndilankhulebe, ndiye mukakhumudwa mlandu ndi wawo.

Ndine Lakiyoni, kwathu ndi ku Nkaya pa mphambano ya njanji paja, koma kwa Mposa kumene ndinakwatira amanditcha a Koleji. Musaganize kuti ndi ulemu. Ku koleji ndinapitadi, kukaphunzira za ulimi, ndipo ndinkakhoza bwino kwambiri phunziro la kudya. Chaka chachiwiri mayeso anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, tinagwirizana kuti tisiyane mwamtendere. Ndinabwerako ndi sutikesi, tayi imodzi, ndi Chingerezi chokwanira kutopetsa nacho anthu pa maliro.

Kenako ndinakwatira Eneresi, ndipo ndinakakhala kwawo pa chikamwini. Inu a ku Balaka kuno ndi ku Machinga mukudziwa, koma pali alendo. Pa chikamwini malo ndi a mkazi, munda ndi wa mkazi, ana ndi a kwa mkazi, ndipo mwini mawu ndi amjomba, mlongo wawo wa apongozi ako aakazi. Iwe mwamuna umabwera ndi sutikesi ndi udindo umodzi waukulu, wakuti mbumba ya eni ake ichuluke. Ukalephera pamenepo, msewu umene unabwerera sunatsekedwe. Ukwati wanga unkalendewera pa chinthu chimodzi chomwecho, ndipo chinthucho sichinabwere.

Anzanga amene ndinakwatira nawo chaka chimodzi anasintha mayina. Uyu bambo a Chisomo, uyo bambo a Tadala. Ine a Koleji, chaka ndi chaka a Koleji.

Tinapemphera, abale. Musadzandiuze kuti sitinapemphere. Ndinasala kudya mpaka lamba anasowa bowo. Tinakwera phiri, tinatsika phiri. Tinadzozedwa mafuta mpaka ntchentche zinayamba kutidziwa. Ndipo mwezi uliwonse Eneresi ankatuluka m'bafa maso ali ofiira, n'kukatenga tsache kusesa pabwalo posesa kale.

Tsono anthu a Mulungu! Amayi wina, mwana kumsana, wina kumanja, wina m'mimba, n'kumandigwira phewa: "Nthawi ya Mulungu ndi yabwino, a Koleji." Ndi yabwinodi, mayi, kwa inu wotchi yake ikuthamanga. Mkulu wina wa mpingo anandiitanira pambali ndi nkhope ya maliro, akuti ndifufuze mwina pali tchimo lobisika. Ndinafufuza. Ndinapeza ambiri, koma onse anali aang'ono kuyerekeza ndi a mkuluyo, amene ana ake sakwana pa benchi imodzi. Ndipo mlaliki aliyense wobwera ankatiwerengera za agogo aja a m'Malemba amene anabereka mano atatha mkamwa. Ine mumtima ndinkati: zikomo, koma agogo amenewo sankakhala pa chikamwini. Akanakhala kwa Mposa, amjomba sakanawadikira mpaka imvi.

Tinapita kuchipatala. Eneresi anamuyeza, alibe vuto. Ine anandipatsa kabotolo ndi kachipinda, zina zonse musandifunse pamalo oyera pano. Adokotala anati mbewu zilipo, koma ndi zochepa ndiponso zaulesi, zambiri sizifika kumene zikupita. Ndinati, "Adokotala, musadabwe, zinatengera mwini wake." Iwo anaseka. Ine ndinaseka. Tili mu minibasi pobwerera, pa mlatho wa Liwonde, ndinapeza kuti sindikuona madzi bwinobwino.

Mudzi unkanong'ona kale kuti mkamwini wa kwa Eneresi ndi gojo. Chimene chinandipsetsa mtima si miseche ayi. Ndi chakuti amiseche anali atakhoza mayeso.

Apa ndi pamene ndinagwa, ndipo ndinagwa mwaulemu, ndi mfundo. Pa bawo akamwini anzanga ankalangizana kuti mwamuna wochenjera samanga nyumba ya njerwa kwa mkazi, sabzalanso mango, chifukwa tsiku lokuthamangitsa khoma sulikweza pa njinga. Ine ndinatenga malangizowo n'kuwapaka uzimu. Ndinamuuza Mulungu kuti: Inu mwakhala pansi, nanenso ndikhala pansi. Mpaka mutandipatsa mwana, sindifolera nyumba, sindibzala mtengo, sindisintha ngakhale phaso limodzi. Ndinamuchitira Mulungu sitalaka. Malaya anga sankachoka m'sutikesi. Ndinkagona m'nyumba ya mkazi wanga ngati munthu wodikira basi.

Munthu wa pa sitalaka amakhala ndi nthawi yambiri, ndipo kachasu amadziwa kumene kuli anthu a nthawi yambiri. Ndinayamba ndi kabotolo koziziritsa mtima. Kenako njinga inapita. Wailesi ndinaileka chifukwa palibe anaifuna. Mpunga wa Eneresi unayamba kuchepa m'thumba popanda mbewa. Ndinkati ndikaone abale ku Nkaya, n'kukakhala pa benchi kwa mayi wina wotcheza kachasu, kuonerera sitima za malasha zikudutsa, ndikulalikira zidakwa zinzanga za kusayankha kwa Mulungu. Mpingo umene uja unali wokhulupirika, sunkajomba.

Pansi penipeni ndinafika Lamulungu lina la ubatizo wa ana. Makolo anandanda kutsogolo ndi makanda awo, zovala zoyera, mafuta onunkhira. Ine ndinalowa nditavala tayi, nditabereka dzungu kumsana ndi chitenje cha Eneresi, n'kukaima pa mzere. Abusa atafika pa ine ndinati, "Uyu ndi amene Ambuye atipatsa chaka chino. Dzina lake ndi Yankho." Ena anaseka, monga mukusekera inumu. Koma Eneresi anali mu kwaya, kutsogolo, pamaso pa mudzi wonse. Sanalire. Anangopinda kansalu kake ka m'manja, kupinda, kupindanso, mpaka kanasowa popinda. Akuluakulu anandidula mu mpingo, ndipo ndinathawira ku Nkaya. Ndinakhalako masabata angapo, ambiri mwa iwo sindikuwakumbukira.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani.

Ndinabwerera kwa Mposa mwezi wa Okutobala, masana, dzuwa likuswa mutu umene unali wosweka kale. Nditakhota pa nkhokwe ya apongozi ndinaona. Sutikesi yanga panja. Mphasa panja. Khasu, wailesi, nsapato, zonse zaunjikidwa pabwalo, tayi yapachikidwa pa mpanda. Ndipo pamthunzi, pa kampando, a Likongwe, amjomba ake a Eneresi, chipewa chili pa bondo.

Mkamwini aliyense m'chipinda muno akudziwa tanthauzo lake. Katundu panja, amjomba pampando, sipafunikanso womasulira. Ndipo ndikuuzeni zoona, mumtima mwanga munabwera kampumulo. Tsiku limeneli ndinalidikira zaka. Mawu otsanzikira ndinali nditawakonza kalekale, ndinkawayeserera pa benchi ku Nkaya. Ndinavala tayi pamwamba pa malaya ong'ambika, ndinanyamula sutikesi, ndinakonza kukhosi.

"Amjomba, ndi inu nonse omvera kuseri kwa mipanda, ndikuthokoza chifukwa cha zaka zimene mwandisunga ngati mbuzi yoyembekezera Khirisimasi. Ndinabwera ndi sutikesi, ndikupita ndi sutikesi. Madandaulo onse okhudza mbumba yanu mukawapereke kumwamba, ine ndinalembako kambirimbiri, ofesi yake siyankha."

A Likongwe sanagwedezeke. Anangoti, "Mwaiwala nsapato."

Pamenepo Eneresi anatulukira kuseri kwa nyumba. Matope mpaka m'mawondo, matope mpaka m'zigongono, paphewa atamanga kansanza. Anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku zala.

"Mwamaliza, abambo?"

Zaka zonsezi, mudzi wonse ukuti a Koleji, iye yekha ankanditcha abambo.

"Ndamaliza. Mwanditulutsira katundu, ndamva."

"Talowani m'nyumbamo."

"Iyayi, munthu wothamangitsidwa salowanso."

"Ndati talowani muone."

Ndinalowa, sutikesi ili m'manja. Abale, m'nyumba munali dzuwa. Denga lonse la kuchipinda linali pansi. Mapaso aja ndinakana kusintha, chiswe chinawadya mpaka anangotsala khungu, ndipo anathyokera pa bedi, mbali imene amagona Eneresi. Nditatuluka ndi pamene ndinaona mulu wina kumbali kwa khitchini: mapoto ake, ndowa, zitenje, yunifomu ya kwaya. Katundu wake nayenso anali panja. Ine ndinaona wanga yekha.

"Paphewapo ndi phaso?" ndinafunsa.

"Ndi sitalaka yanu," anatero.

A Likongwe anadzuka. "Iwe Eneresi, usawanyengerere. Anyamula okha sutikesi, asiye. Nanenso ndabwerera zomwezo. Mwana wa mlongo wanga akukalamba, nyumba yamugwera, ndipo mwamuna wake akubereka maungu. Ine ndiziti chiyani kwa anthu?"

Eneresi anagwada, monga mwa ulemu, koma mawu ake sanagwade. "Amjomba, ndamva. Koma tabwerani kuno nonse awiri."

Kuseri kwa nyumba kunali njerwa. Mizere ndi mizere, zaziwisi, zoyanikidwa padzuwa mpaka kukafika ku chulu. Pamene ine ndinkawerenga mabogi a sitima ku Nkaya, iye ankaponda matope ndi kuumba, yekha, nthawi zina ndi amayi anzake a kwaya.

"Kuumba ndaumba," anatero. "Kusanja uvuni ndi kuotcha sindingathe ndekha, ndipo mitambo mukuiona. Abambo, mwana ameneyo mukuganiza kuti mumamufuna ndinu nokha? Amene amaona mwezi ndi mwezi ndani, inu kapena ine? Nanenso ndikudikira. Nanenso Mulungu sanandiyankhe. Koma ine ndikufuna ndizidikira pansi pa denga. Inu mwakhala mukuchoka zaka zonsezi, osachoka. Ngati mukupita, pitani lero, dzuwa likadalipo. Ngati mukukhala, vulani chinthu chili m'khosicho."

Ndinafuna nthabwala. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sinabwere.

A Likongwe anavala chipewa. "Chabwino. Ine ndinena kamodzi. Mvula ikazipeza njerwazi zili zaziwisi, zisungunuke pamodzi ndi ukwati. A Koleji mudzanyamule sutikesi yanu, ndipo ulendo uno musadzaiwale nsapato."

Ndinavula tayi.

Masiku otsatirawo ndinagwira ntchito ngati munthu wogwidwa. Kusowa kachasu kukundizunza, thukuta lonunkha ngati mbiya ya mayi wa ku Nkaya uja, ndikusanza kuseri kwa chulu n'kubwerera kudzanyamula njerwa. Ndipo ndinapemphera, koyamba chichitireni sitalaka. Silinali pemphero la mu kwaya. Ndinati: "Mulungu, za mwana zija sindinaiwale, ndipo ndikadali wokwiya. Koma pano ndikupempha kanthu kakang'ono, koti ngakhale mlembi wanu angasaine. Mvulayi igwireni mpaka tiotche."

Mukudziwa chimene chinachitika? Konzekani, apa ndi pamene maumboni ena amaimbira nyimbo.

Inagwa.

Kusanja uvuni kuli pakati, masana dzuwa likuwala, kunabwera chimphepo, kenako chizimalupsa cha madontho ngati miyala. Tinathamanga ndi udzu, mapepala a pulasitiki, mphasa, ngakhale yunifomu ya kwaya. Zimene zinali pa uvuni tinazipulumutsa. Zimene zinali pansi, pafupifupi theka, tinaziona ndi maso zikufewa makona, zikukhala phala, zikutsetsereka kubwerera ku dzenje kumene Eneresi anazitenga.

Ndinaima pa mvulapo n'kuyang'ana kumwamba, ndipo zimene ndinanena abusa andipempha kuti ndisazibwereze. Mwana ayi. Mvula yokha, ya tsiku limodzi, nayonso ayi? Ludzu la kachasu linandigwira nthawi yomweyo. Ndinkadziwa kuti ku Nkaya benchi ilipo, malo anga palibe wakhalapo. Sutikesi inali pakhonde la khitchini, youma bwino, yokonzeka. Eneresi anakhala pansi m'matope, osandiyang'ana ine, akuyang'ana sutikesiyo.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Sindinaone kuwala. Ndinangoona mkazi amene Mulungu yemweyo anamukaniza zinthu zomwezo, ndipo iye sanagwetsere munthu denga. Ndinapita pakhonde, ndinatsegula sutikesi, ndinakhuthulira malaya anga mu dengu la zovala zake. Kenako ndinatenga chikombole n'kulowa m'dzenje. Matope anali ofewa kale, mvula inali itatipondera.

M'mawa mwake a Likongwe anabwera, monga analonjezera. Anandipeza m'dzenje, matope mpaka m'chiuno.

"A Koleji, ndinati chiyani?"

"Munati mvula ikazipeza zaziwisi ndizipita, amjomba."

"Nanga yazipeza zotani?"

"Zaziwisi."

"Tsono?"

"Ndipita. Ndingobweza kaye zimene zasungunukazi."

"Mumaliza liti?"

"Amjomba, ine ndi munthu wosamaliza zinthu. Kafunseni ku koleji."

Sanaseke. A Likongwe saseka, anabadwa atamaliza kale. Anayang'ana njerwa, anayang'ana mwana wa mlongo wawo, anachoka. Dzuwa lisanapendeke kunabwera ngolo ya nkhuni, woyendetsa n'kunena kuti wauzidwa atule pano, asayankhe mafunso.

Tinaotcha. Za kuchoka a Likongwe sanazitchulenso, ngakhale mpaka lero akandipatsa moni amayamba ayang'ana kumapazi.

Tsono inu amene muli pamene ndinali ine, ndipo ndikukuonani, ena mwakhala kumbuyoko dala, mverani zimene ndinachita, chifukwa sizinachitike zokha. Kachasu sanachoke ndi pemphero limodzi. Ndinapita kwa mayi uja ku Nkaya, masana, Eneresi ali pambali panga, n'kumuuza pamaso pa makasitomala ake kuti akadzandigulitsanso, adzandisunge yekha mpaka imfa. Anandiyang'ana bwinobwino, ndipo sanandigulitsenso. Ku Nkaya sindipita ndekha mpaka pano, ngakhale ku maliro. Ndinagwako kamodzi, pa chinkhoswe cha msuweni, ndipo m'mawa mwake ndinanena ndekha Eneresi asanandinunkhize. Ndinabwerera kuchipatala, kumene anandiuza kuti mowa unkapha ngakhale zochepa zaulesi zija, ndipo anandipatsa mankhwala amene ndikumwa. Ndinaima pamaso pa mpingo kupepesa za dzungu. Ndinapepesa kwa abusa, kwa makolo a ana aja, makamaka kwa mkazi wanga. Mkulu uja wa tchimo lobisika anafuna ndipepesenso chifukwa chokwiyira Mulungu. Ndinati iyayi, zimenezo ndi za ine ndi Mwini wake, ndipo tikukambirana.

Tikukambiranadi. M'mawa uliwonse ndimamuuza kuti ndikadali pano, pempho lija likadali pomwepo, ndipo sindikusangalala. Sanandikanthe. Ndaona kuti munthu wokwiya amene akubwerabe pakhomo, Mulungu samutsekera chitseko. Chimene chinkandipha ine si mkwiyo, ndi kudikira manja ali m'thumba, moyo wonse nditauimitsa kuti Iye achite manyazi. Mulungu sanachite manyazi. Phaso linagwera mkazi wanga.

Ndipo inu a mpingo, inu odala, a mabenchi odzaza, ndikupempheni mwaulemu wonse umene ndatsala nawo: mukaona munthu amene pemphero lake lakhalitsa, musamuwerengere nthawi ya Mulungu ngati ndinu amene mumasunga wotchiyo. Simukudziwa. Nanenso sindikudziwa. Abusa sakudziwa, ndawafunsa. Khalani naye pansi, kapena munyamulireni njerwa.

Tsiku lokumba maziko mmisiri anafunsa kuti zipinda zingati. Ine ndinati chogona ndi pabalaza, basi, tilipo awiri. Eneresi anayenda cha kum'mawa, n'kujambula pansi ndi chala cha kuphazi chipinda china, chaching'ono.

Ndinati, "Mayi, chimenecho ndi cha ndani? Mukufuna tizichiyang'ana tsiku ndi tsiku chili chopanda munthu?"

Anati, "Akabwera apeze pogona. Akapanda kubwera, tidzakhala anthu awiri a nyumba yaikulu. Kumbani."

Ndinakumba ndikung'ung'udza. Chipindacho chilipo. Muli matumba a mpunga ndi nkhuku imodzi yosamva. Mwezi wathawu Eneresi anatulukanso m'bafa maso ali ofiira, ndipo anakalowa m'menemo. Ndinamutsatira. Tinakhala pa matumba, tonse awiri, osapemphera, mpaka nkhuku inatithamangitsa.

Chipindacho chilibe chitseko, ndipo Loweruka likubwerali tikuchiika. Amene muli ndi hamala ndi misomali, kwa Mposa mukafunse kwa a Koleji, aliyense akulozerani nyumba ya njerwa. Amene muli ndi uneneri wa chaka chamawa, muusiye kunyumba, mungobwera ndi manja. Amen.